Khungu la mwana wobadwa masiku asanakwane: tipakepo chiyani, tisapakepo chiyani?

M'chaka cha 2012 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, mogwirizana ndi mabungwe ena, lidatulutsa lipoti lomwe lidaika dziko la Malawi pamwamba pa maiko onse pa nkhani ya ana obadwa masiku asanakwane. Lipotilo lidati mwa ana 100 alionse obadwa amoyo kuno kwathu, 18 amabadwa mimba isanakwanitse masabata 37. Lipoti lachiwiri, lomwe lidatuluka mu 2023, lidati m'chaka cha 2020 chokha ana 13.4 miliyoni adabadwa motere pa dziko lonse. Manambala amasinthasintha malinga ndi kawerengedwe kake, koma ndi mphakati uti umene sudziwa banja lomwe lidalandirapo khanda longokwana m'manja awiri? Akatekisiti ambiri adaitanidwapo usiku kukabatiza kamwana komwe anamwino sadali kuyembekeza kuti kafika m'mawa.

Zimene zimapha makanda oterewa ndi zitatu makamaka: kubanika, kuzizidwa, ndi matenda olowa m'magazi. Nkhani yathu lero yagona pa chachitatuchi, ndiponso pa mankhwala opaka pakhungu omwe cholinga chake ndi kupha tizilombo toyambitsa matenda tisanalowe m'thupi. Pa zaka makumi awiri zapitazi uphungu wa akatswiri pa mankhwalawa wasintha kangapo, ndipo anthu ambiri m'midzi ndi m'matauni akadagwirabe mawu omwe adamva kale.

Tiyambe ndi khungu lenilenilo. Khungu la munthu wamkulu lili ndi kachikopa kolimba pamwamba komwe kamatchinga madzi kuti asatuluke ndi tizilombo kuti tisalowe. Mwa mwana amene ali m'mimba kachikopa kameneka kamakhwima mochedwa, cha m'ma sabata 34. Khanda lobadwa pa masabata 28 kapena 30 limabwera ndi khungu lofiira, lonyezimira, lopyapyala mwakuti mitsempha imaonekera. Khungu lotere limataya madzi ndi kutentha kwa thupi mofulumira, limachubuka ndi pulasitala yemwe, ndipo chilichonse chimene chapakidwapo chimatha kudutsa n'kulowa m'magazi. Likabadwa, khungulo limayamba kukhwima mofulumirirapo, koma pamafunikabe masabata awiri kapena kuposerapo. Masiku amenewa ndiwo oopsa. Pa nthawi yomweyo mchombo ndi bala lotseguka, ndipo mwana amene wagonekedwa ku nasale amabayidwa kangapo pomuika diripi kapena pomutenga magazi. Pamene pabayidwa paliponse ndi khomo la matenda.

Munthu angaganize kuti yankho ndi lapafupi: pakani mankhwala amphamvu, tizilombo tife. Maiko olemera adayesa kale njira imeneyi ndipo idawaliza. M'zaka za m'ma 1960 zipatala zambiri za ku America ndi ku Ulaya zinkasambitsa makanda ndi mankhwala otchedwa hexachlorophene. Pambuyo pake zidadziwika kuti mankhwalawo amalowa kudzera pakhungu n'kukaononga ubongo, makamaka wa ana obadwa masiku asanakwane. Mu 1972 ku France ana 36 adamwalira chifukwa cha paudala wa ana wotchedwa Morhange, momwe mankhwalawa adathiridwa mochuluka molakwitsa ku fakitale. Chaka chomwecho boma la America lidaletsa kuwagulitsa mwachisawawa. Mankhwala a ayodini, ofiirira aja amene amapaka munthu asanachitidwe opaleshoni, nawonso ali ndi vuto lawo: mwa khanda losakhwima amalowa m'magazi n'kufooketsa chithokomiro, chiwalo chimene chimathandiza kuti ubongo ukule bwino. Kafukufuku wa ku Dublin, dziko la Ireland, amene adasindikizidwa mu 2018, adatsata makanda 304 obadwa masabata 31 asanakwane. Ena adapukutidwa ndi ayodini, ena ndi chlorhexidine, asanawalowetse kapaipi m'mtsempha. Pa matenda a m'magazi magulu awiriwo sadasiyane, koma vuto la chithokomiro lidaoneka mwa ana a gulu la ayodini. Sipiriti, yemwe m'nyumba zambiri timamuyesa mankhwala a bala lililonse, amatha kuwotcha khungu la khanda losakhwima ngati madzi otentha.

Motero maso a akatswiri adatembenukira kwa chlorhexidine. Mankhwalawa adapezeka ku England kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo ubwino wake ndi wakuti amakanirira pakhungu n'kumaphabe tizilombo kwa maola ambiri. Ndi otchipa ndipo safuna firiji. Ambiri sadziwa kuti umodzi mwa umboni woyamba wakuti angapulumutse makanda udachokera ku Blantyre konkuno. M'zaka za m'ma 1990, pa chipatala cha Queen Elizabeth, anamwino azamba ankapukuta njira yoberekera ndiponso thupi la mwana wongobadwa ndi chlorhexidine wosungunulidwa kwambiri, wa mphamvu ya 0.25 peresenti. Amayi pafupifupi 7,000 adalowa nawo m'kafukufukuyo. Ofufuzawo ankafuna kuona ngati njirayi ingachepetse kufala kwa HIV kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana, ndipo apa sidathandize. Koma zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu 1997 zidaonetsa chinthu china: imfa za makanda zobwera chifukwa cha matenda zidatsika kuchoka pa 7.3 kufika pa 2.4 mwa ana 1,000 alionse. Chiyembekezo chidakula. Koma njira yomweyo itayesedwa mosamalitsa kwambiri ku Soweto, dziko la South Africa, pa amayi oposa 8,000, lipoti la mu 2009 lidati matenda a m'magazi sadachepe konse.

Zotere zidachitikanso pa nkhani ya mchombo, ndipo apa ndi pamene pali phunziro lalikulu kwa ife. Ku Nepal, m'boma la Sarlahi, kafukufuku wa mu 2006 adapeza kuti kupaka chlorhexidine wa 4 peresenti pamchombo kudachepetsa imfa za makanda ndi 24 peresenti. Ku Pakistan mu 2012 imfa zidachepa ndi 38 peresenti, ndipo ku Bangladesh chaka chomwecho zotsatira zidali zolimbikitsanso. Mu 2013 WHO idaika mankhwalawa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira a ana, ndipo idalangiza kuti azipakidwa tsiku ndi tsiku m'sabata yoyamba kwa ana obadwira kunyumba m'madera momwe makanda 30 kapena kuposerapo amamwalira mwa 1,000 alionse. Maiko ambiri a mu Africa adayamba kuitanitsa mankhwalawa. Kenaka mu 2016 padatuluka zotsatira za kafukufuku muwiri wamkulu wa kuno kwathu ku Africa: wina m'chigawo chakummwera kwa Zambia, pa makanda oposa 42,000, wina pa chilumba cha Pemba ku Tanzania, pa makanda oposa 36,000. Konse kuwiri imfa sizidachepe. Ku Pemba michombo yotupa ndi yotuluka mafinya idachepa ndithu, koma ana omwalira adali ochuluka chimodzimodzi.

Kodi ndiye kuti a ku Nepal adanama, kapena a ku Zambia adalakwitsa? Ayi. Mankhwala adali amodzi, koma malo adali osiyana. Ku madera aja a ku Asia pafupifupi ana onse ankabadwira kunyumba, ndipo imfa za makanda zidali zochuluka. Ku Zambia ndi ku Pemba amayi oposa theka ankachilira kuchipatala, ndipo mabanja onse a m'kafukufukuyo, opaka ndi osapaka omwe, ankayenderedwa n'kuphunzitsidwa ukhondo. Pamene ukhondo udalipo kale, botolo lidalibe chambiri choti liwonjezere. N'chifukwa chake mu 2022 WHO idakonzanso uphungu wake. Tsopano ikuti mchombo uzisungidwa woyera ndi wouma, ndipo chlorhexidine azipakidwa m'madera okhawo momwe anthu adazolowera kupaka zinthu zoopsa pamchombo, monga ndowe.

Tsono Malawi ili mbali iti? Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 91 mwa 100 alionse ankabadwira kuchipatala, ndipo makanda 27 mwa 1,000 ankamwalira mwezi woyamba usanathe. Pa kubadwira kuchipatala tikufanana ndi Zambia, osati Nepal. Koma mwana sakhalitsa kuchipatala. Ngati ali bwino amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake, mchombo ukadali wauwisi, ndipo akafika kumudzi amalowa m'manja mwa agogo ndi azakhali. Tonse tikudziwa zimene zimapakidwa pamenepo kuti mchombo uduke msanga: phulusa, mwaye, makala osinja, madzi a msiche wa dzungu, mafuta ophikira, penanso zitosi. Sitikunena izi monyoza amayi athu akuluakulu. Iwo amafulumizitsa mchombo chifukwa amadziwa kuti mwana amakhala pa ngozi kufikira utagwa, ndipo pamenepa sakulakwa. Mwambo wa chikuta, woti mayi ndi khanda abindikire ndipo anthu wamba asamugwiregwire mwanayo, ndi nzeru imene ngakhale dokotala wa lero angaivomereze. Cholakwika ndi zopakazo, pakuti m'dothi ndi m'ndowe ndimo mumakhala kachilombo ka kafumbata ndi tinzake tambiri.

Pali kanthu kena kamene aphungu a zaumoyo amaiwala kutchula, komwe kamasokoneza mabanja. Chlorhexidine amachedwetsa kugwa kwa mchombo ndi tsiku limodzi kapena awiri. Kwa namwino zimenezi si kanthu. Kwa banja limene likudikira kuti mchombo ugwe kuti mayi atuluke m'chikuta, masiku awiri ndi ambiri, ndipo agogo akaona kuti mankhwala a kuchipatala akuchedwetsa zinthu amawonjezera awo pamwamba. Mayi akauzidwiratu kuti kuchedwako si matenda, amakhala ndi mawu oyankhira apongozi ake.

Mwa kuona kwathu, m'dera limene zopakapaka zidazika mizu, chlorhexidine ali ndi malo ake, chifukwa kuuza agogo kuti asapake chilichonse n'kovuta kuposa kuwapatsa chinthu chabwino choti apake. Koma tisaiwale kuti kafukufuku wa mchombo yense tatchulayu adachitika makamaka pa ana a m'midzi, ambiri mwa iwo okhwima. Khanda lobadwa miyezi isanu ndi iwiri ndi nkhani ina. Mu 2012 bungwe loyang'anira mankhwala ku America lidalamula kuti pa mabotolo a chlorhexidine pazilembedwa chenjezo lokhudza ana obadwa masiku asanakwane ndi osakwana miyezi iwiri. Mu 2014 bungwe lotere la ku Britain lidachenjezanso litalandira malipoti a makanda omwe adapsa khungu koopsa. Lidati ngozi ndi yaikulu kwa ana obadwa masabata 32 asanakwane, m'masabata awiri oyamba a moyo wawo, ndipo lidalangiza kuti mankhwalawo azipakidwa ochepa, asadikhe m'makwinya a khungu kapena pansi pa mwana, ndipo thonje kapena nsalu yonyowa nawo izichotsedwa nthawi yomweyo. Pa mwana wotere, woyenera kugwira botolo ndi namwino wophunzitsidwa, osati wachibale wodikirira wodwala.

Nanga kupukuta thupi lonse? Ku Nepal komweko, kafukufuku wa mu 2007 adapeza kuti kupukuta khanda kamodzi ndi chlorhexidine wa 0.25 peresenti sikudasinthe kanthu pa ana onse pamodzi, koma pakati pa ana obadwa ndi sikelo yotsika imfa zidachepa ndi 28 peresenti. Zimenezi n'zopatsa chidwi, komabe WHO sidalangize kuti makanda onse azipukutidwa motere, ndipo chifukwa chimodzi n'chodziwika kwa mayi aliyense: khanda lonyowa limazizidwa, ndipo kuzizidwa kumatha kupha mwana wosakhwima msanga. Pa chifukwa chomwechi uphungu wa lero ndi wakuti mwana asasambitsidwe mpaka patapita maola 24, ndipo mafuta oyera aja amene amabadwa nawo asakhulidwe, pakuti amateteza khungu. Mabanja amene amasunga mwambo wosambitsa khanda m'madzi a zitsamba kapena kupaka mankhwala paliwombo aganizirepo bwino apa. Zimene mwana wokhwima angapirire, wosakhwima sangathe.

Ngozi ina yabwera kudzera m'kabotolo. Mu February 2019 WHO idatulutsa chenjezo lakuti kuyambira mu 2015 ana oposa 40 m'maiko asanu ndi anayi a mu Africa adavulala m'maso, ena mpaka kuchita khungu, chifukwa chlorhexidine wa pamchombo adadonthezedwa kapena kupakidwa m'maso. Cholakwa chidali chomveka: kabotolo kake kamafanana ndi ka mankhwala a m'maso, kachubu kake kamafanana ndi ka mafuta a m'maso amene ana ongobadwa amapakidwa, ndipo zolemba zake zili m'Chingerezi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mayi kapena womudikirira akapatsidwa timankhwala tiwiri potuluka m'chipatala, asachite manyazi kufunsa kuti aka n'kapati, ndipo amene amatha kuwerenga athandize amene satha. Udindo waukulu komabe uli kwa ogula ndi ogawa mankhwala, kuti asabweretse zinthu ziwiri zofanana maonekedwe n'kuyembekeza kuti mayi wotopa, usiku, pa nyali ya koloboyi, azisiyanitsa.

Chodabwitsa n'chakuti zinthu ziwiri zimene zaonetsa phindu lalikulu pakhungu la mwana wosakhwima si mankhwala opha tizilombo konse. Choyamba ndi mafuta. Pa chipatala cha ana cha Dhaka Shishu ku Bangladesh, makanda obadwa masabata 33 asanakwane amene ankadzozedwa mafuta a mpendadzuwa adadwala matenda otengera kuchipatala mochepera ndi 41 peresenti, malinga ndi zotsatira za mu 2005, ndipo lipoti la mu 2008 lidati imfa zidachepa ndi 26 peresenti. Mafutawo sapha kachilombo. Amathandiza khungu kumanga tchinga lake. Mu 2022 WHO idati kudzoza mafuta a mpendadzuwa kapena a kokonati kungaganiziridwe, ngakhale idalankhula mosamala popeza zotsatira za m'madera ena sizidafanane ndi za ku Dhaka. Tichenjezane pano kuti mawu amenewa sakutanthauza mafuta oyezedwa pamsika m'timapepala ta pulasitiki, omwe sitidziwa chimene adasakaniza, ndipo sakutanthauza kupaka mafuta pamchombo.

Chachiwiri ndi chifuwa cha mayi. Njira ya kangaru idayambira ku Bogotá, dziko la Colombia, mu 1978, ndipo kuno idafika pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kwa zaka zambiri lamulo lidali lakuti mwana ayambe wapeza mphamvu m'makina, kenaka aperekedwe kwa mayi. Kafukufuku amene adachitika ku Ghana, India, Nigeria, Tanzania ndi Malawi, pa chipatala cha Queen Elizabeth, adayesa kumuika mwana pachifuwa atangobadwa. Makanda 3,211 olemera pakati pa kilogalamu 1 ndi 1.8 adatsatidwa, ndipo zotsatira za mu 2021 zidaonetsa kuti mwa amene adaikidwa pachifuwa msanga adamwalira 12 mwa 100 alionse, pamene mwa enawo adamwalira pafupifupi 16. Ana oganiziridwa kuti ali ndi matenda a m'magazi adachepanso. Mwana amene ali pachifuwa amafunda, amayamwa msanga, amagwiridwa ndi manja ochepa, ndipo khungu lake limadzala ndi tizilombo tabwino ta mayi wake m'malo mwa tizilombo ta m'wodi. Mu November 2022 WHO idalangiza kuti njirayi iziyamba mwana atangobadwa. Ntchitoyi ndi yotopetsa, pakuti imafuna maola ambiri usana ndi usiku, ndipo mayi amene wachitidwa opaleshoni sangaithe yekha. Chifuwa cha bambo chimafunda chimodzimodzi. Abambo a m'parishi zathu amene amati za m'chikuta n'za amayi aimve bwino mfundo imeneyi.

Tizilombo ta m'wodi tatchulato n'toopsa chifukwa tambiri sitikumvanso mankhwala. Akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, amene akhala akuyeza magazi a odwala kwa zaka zambiri, adapeza kuti mwa tizilombo ta mtundu wa Klebsiella, tomwe timakonda kugwira makanda m'nasale, tosamva mankhwala odalirika tidali pafupifupi 12 mwa 100 mu 2003, koma pofika mu 2016 tidali 90. Mwana akadwala matenda otere, jakisoni amene ali m'kabati sagwira ntchito, ndipo amene angagwire ndi wodula komanso sapezekapezeka. Kupewa ndiko kwatsala. Tizilomboti timayenda pa manja, pa timapaipi ta mpweya togwiritsidwanso ntchito, ndi pa kabedi kamodzi kogonekapo ana awiri kapena atatu. Chlorhexidine wopaka pamalo pobaya ndi wofunika, koma sangathandize ngati dzanja logwira singano silidasambe. Ndipo dzanjalo lisamba ndi chiyani? Mu 2022 WHO ndi UNICEF adanena kuti theka la zipatala za pa dziko lonse zidalibe malo oyenera osambira m'manja okhala ndi madzi ndi sopo.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza ndondomeko ya chuma. Kabotolo ka mankhwala n'kosavuta kugula, kuwerenga ndi kujambula pa mwambo wopereka mphatso. Mpopi wosauma, sopo wa chaka chonse ndi namwino wachiwiri pa ntchito ya usiku sizioneka pa chithunzi, choncho zimatsalira. Kuyambira mu January 2025, pamene boma la America lidaimitsa thandizo lake lambiri ku maiko akunja ndipo kenaka bungwe la USAID lidatsekedwa, ndalama za zaumoyo zachepa, ndipo kusankha choyamba kugula kwasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Zipatala za mipingo, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM ndipo zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, zili pa mayeso omwewo. Akhristu amene amakhala m'makomiti a zipatala zazing'ono m'madera mwathu ali ndi ufulu wofunsa mafunso achindunji: kodi m'chipinda chochilira muli madzi maola onse? Sopo akatha amagula ndani? Kodi amayi a kangaru ali ndi pogona ndi posamba? Gulu la amayi kapena mphakati umene ukufuna kuchita ntchito yachifundo ku wodi ya makanda ungachite bwino kupita ndi sopo, zitenje zochapa ndi tizipewa ta ana, kusiyana ndi paudala ndi mafuta onunkhira.

Kwa amene amayendera mabanja, zoti anene n'zochepa. Aliyense asambe m'manja ndi sopo asanagwire khanda, ndipo alendo aone ndi maso okha. Thewera lipindidwe m'munsi mwa mchombo kuti uzipitidwa mphepo. Pamchombo pasapakidwe kanthu kupatula chimene chipatala chapereka, mwa njira imene namwino waonetsa, ndipo chimenecho chisayandikire maso kapena makutu. Mwana akasiya kuyamwa, akafooka, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mothamanga, akakomoka, kapena mchombo ukafiira m'mbali, kutuluka mafinya kapena kununkha, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ali pachifuwa, atafundidwa pamodzi ndi womunyamulayo. Mwa khanda losakhwima matenda a m'magazi nthawi zambiri sabwera ndi kutentha thupi. Mwana amangozizira n'kukhala chete, ndipo pakati pa chizindikiro choyamba ndi kufooka kotheratu pamatha kupita maola ochepa chabe.